Kwezani Maso: Kujambula Mitambo ndi Zimene Imaulula za Ife

(Nyimbo yotsegulira. Ichepe pang'onopang'ono.)

WOULUTSA:

Lero nkhani yathu ili kumwamba. Tikamba za mitambo, za kajambulidwe kake, ndi za zimene zithunzi za mitambo zimaulula za ife amene timazijambula.

Ngati muli ndi foni yojambula, tatsegulani pamene mumasunga zithunzi. Mukuonamo chiyani? Nkhope zokhazokha. Chinkhoswe cha mphwanu, mwana atavala yunifolomu tsiku loyamba kusukulu, lisiti ya ndalama zimene munatumiza kumudzi, kenako nkhope yanu yomwe kambirimbiri. Palibe cholakwa pamenepo. Koma thambo, limene limatenga theka la zonse zimene maso athu amaona tikakhala panja, mulibemo. Likapezekamo ndiye kuti langolowa mwangozi kuseri kwa mutu wa munthu.

Sikuti ife sitiyang'ana kumwamba ayi. Timayang'anako kwambiri, chifukwa nsima yathu imachokera komweko. Makolo athu ankayenda mitunda italiitali kupita ku Msinja kwa Makewana kapena ku Khulubvi kwa Mbona kukapempha mvula, ndipo mpaka lero mvula ikachedwa mipingo ndi mizikiti imagwada pansi. Koma timayang'ana ndi funso limodzi lokha: kodi igwa? Mtambo timauyang'ana monga mmene munthu amayang'anira mnzake amene anamukongoza ndalama. Saona kuti mnzakeyo wavala bwanji, waonda kapena wanenepa. Amangoona thumba lake. Chimene ndikufuna kukupemphani lero n'chakuti nthawi zina tiziuyang'ana mtambo tisanaufunse kanthu. Kamera imathandiza zimenezi, chifukwa munthu amene akufuna kujambula chinthu amakakamizika kuchiona kaye.

Tiyambe ndi kudziwa chimene tikujambulacho. Mtambo si utsi. Dzuwa likatenthetsa nthaka, mpweya wofunda umakwera utanyamula chinyezi chosaoneka ndi maso. Pokwerapo umazizira, pafupifupi digiri imodzi pa mamita 100 aliwonse. Ukafika pamsinkhu wina wake sungathenso kusunga chinyezi chonsecho, ndiye chimasanduka timadontho tamadzi timene timakangamira pa tifumbi, pa timchere tochokera kunyanja yamchere, ngakhale pa tizidutswa ta utsi wa moto wakutchire. Timadonthoti n'tating'ono zedi, moti pamafunika pafupifupi miliyoni imodzi kuti papangike dontho limodzi la mvula. Mukayang'anitsitsa mitambo yoyera ya masana muona kuti kunsi kwake n'kosalala, ndipo yonse yakhala pamzere umodzi. Mzere umenewo ndi msinkhu umene mpweya wa tsikulo wayambira kutula madzi ake. Mukujambula malire amene paokha saoneka.

Ndipo musanyengeke ndi kupepuka kwake. Kamtambo koyera kamene kali kilomita imodzi m'litali, m'lifupi ndi mumsinkhu kamanyamula madzi olemera pafupifupi matani 500. Amenewo ndi matumba 10,000 a makilogalamu 50, akuyandama pamutu panu inu mukuyenda osadziwa. Akatswiri amene amayang'ana dziko kuchokera mumlengalenga amatinso nthawi ina iliyonse, pafupifupi magawo awiri mwa magawo atatu a dziko lapansi amakhala ataphimbidwa ndi mitambo.

Mayina amene azanyengo amagwiritsa ntchito lero anayamba ndi munthu amene ntchito yake sinali ya zanyengo n'komwe. Luke Howard anali wopanga mankhwala mumzinda wa London, koma ankakonda kuyang'ana kumwamba kuyambira ali mnyamata. Mu Disembala 1802, ali ndi zaka 30, anaimirira pamaso pa kagulu ka anzake okonda sayansi n'kunena kuti mitambo, ngakhale imasinthasintha, ili ndi mitundu yake yochepa imene munthu angaitchule mayina. Anaipatsa mayina a Chilatini: cumulus, mitambo younjikana, stratus, mitambo yoyalana, cirrus, mitambo ya tizingwetizingwe, ndi nimbus, ya mvula. Mu 1896 kunatuluka buku loyamba la zithunzi za mitambo logwirizanitsa mayiko, International Cloud Atlas, ndipo lero mitundu ikuluikulu yovomerezeka ilipo khumi.

Simufunika kuiloweza yonse. Kwathu kuno nyengo yomwe imakuphunzitsani. Mu Juni ndi Julayi, anthu a ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Blantyre amaudziwa bwino mtambo woyalana uja, chifukwa umatsika mpaka kulowa m'minda ya tiyi, n'kumawaza mvula yamawawa tsiku lonse, zovala osauma, ana akunjenjemera panjira ya kusukulu. Ndicho chiperoni chimenecho, chimene chimabwera ndi mphepo yachinyezi yochokera kunyanja ya Indian kudzera ku Mozambique, kumbali ya phiri la Chiperone. Mitambo ya tizingwe ija imakhala pamwamba kwambiri, makilomita oposa 6, kumene kumazizira moti madzi ake ndi ouma gwa. Ikayalana mopyapyala ndi imene imachititsa mkombero uja timauona kuzungulira mwezi kapena dzuwa.

Koma mfumu ya yonse ndi cumulonimbus, mtambo wa bingu. Tiyeni tiuonere pafupi. Taimani m'maganizo mwanu pamtunda paja pamene msewu wochokera ku Blantyre umayamba kutsetsereka kulowera ku Chikwawa, masana a mwezi wa Novembala. Kutentha kuli phwii, Shire akunyezimira kutali m'chigwa. Cha m'ma 11 koloko mukuona timitambo toyera tobalalika. Ikamakwana 1 koloko kamodzi mwa ito kayamba kutupa. Mukakayang'anitsitsa muona kuti mutu wake ukuwira, chotupa china chikutuluka pamwamba pa chinzake, m'mphepete mwake muli mowala kwambiri moti maso amachita kuwawa. Kunsi kwayamba kuda, osati chifukwa madzi ake ndi akuda, koma chifukwa mtambowo wakhuthala moti kuwala kwa dzuwa kukulephera kubowola mpaka pansi. Pakapita kanthawi mutu uja umafika pamene sungakwerenso, nthawi zina makilomita oposa 15 kuchokera pansi, ndiye umaphwatalala n'kutambasukira mbali imodzi. Kunsi kwake kwatsika chinsalu chotuwa: kumeneko mvula ikugwa, pamene inu mwaima pali dzuwa. Kenako kamphepo kozizira kakufikani, kakununkhira dothi lonyowa. Zonsezi zimachitika m'maola awiri kapena atatu, ulere, pamaso pa aliyense. Ambiri a ife timangoona mphindi yomaliza, pamene tikuthamangira kukaanula ufa pamphasa.

(Nyimbo yaifupi.)

WOULUTSA:

Tsono tijambule bwanji? Musadere nkhawa za kamera yodula. Foni imene muli nayoyo ikwanira, ndipo kujambula sikudya bandulo.

Yambani mwapukuta diso la kamera ndi kansalu kofewa. Foni imakhala m'thumba, imagwidwa ndi manja a mafuta, ndipo zithunzi zambiri zimene zimaoneka za chifunga vuto lake limakhala lomweli. Mukatero, vuto lotsatira ndi kuwala. Thambo limawala kwambiri kuposa nthaka. Mukangoloza n'kudina, foni imayesetsa kuonetsa bwino mitengo ndi nyumba, ndiye mtambo umatuluka uli mbee, wopanda mizere, wopanda thupi. Gwirani ndi chala pasikirini pamene pali powala kwambiri pa mtambowo. Mafoni ambiri amaonetsa kachizindikiro ka dzuwa. Kakokereni pansi pang'ono. Nthaka ida, mitengo isanduka zithunzithunzi zakuda, koma mtambo uonetsa makwinya ake onse. Pa chithunzi cha mtambo, kuda pang'ono kuli bwino kusiyana ndi kuyera kwambiri, chifukwa chimene chayera mopitirira sichibwereranso.

Siyani kamzere ka nthaka kunsi kwa chithunzi: mlambe, denga la tchalitchi, mzere wa phiri la Dedza kapena la Zomba, ngakhale munthu atasenza mtolo wa nkhuni. Popanda chimenecho woona sadziwa kukula kwa chimene munaona. Pewani kukokera chithunzi pafupi ndi zala, chifukwa pamafoni ambiri kutero kumangochiwononga. M'mamawa ndi madzulo, dzuwa likakhala m'munsi, kuwala kumabwera cham'mbali ndipo mtambo umaoneka kuti uli ndi kutsogolo ndi kumbuyo. Dzuwa likalowa musafulumire kubweza foni m'thumba. Mitambo ya pamwamba imakhala ikulandirabe kuwala inu muli kale mumthunzi, ndipo kufiira kwenikweni kumabwera mphindi zingapo pambuyo pake. Dzuwa lenilenilo musaliyang'ane, maso alibe sipeya.

Chovuta kuposa zonse si foni koma kukhala pansi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kamtambo koyera ka masana kamabadwa, kukula ndi kusungunuka m'mphindi zowerengeka. Sankhani kamodzi, mukatsatire ndi maso mpaka kathe. Anthu ambiri sanachitepo zimenezi moyo wawo wonse, ndipo amene wayesa amadabwa kuona mmene mtima umakanira. Isanathe mphindi imodzi dzanja layamba kale kufuna kuona uthenga pafoni. Apa mtambo wayamba kale kutiuza za ife: tinazolowera kufuna kuti chilichonse chichitike msanga, ndipo kuyang'ana chinthu chimene sichikutilonjeza phindu kumatisowetsa mtendere.

Pali chinanso chimene mbiri ya kujambula imatiululira. Luso lojambula ndi kamera linalengezedwa kudziko mu 1839, koma kwa zaka zambiri mitambo inkawavuta ojambula. Mankhwala amene ankapaka pagalasi kapena papepala lojambulira ankamva msanga kuwala kwa buluu, choncho pamene nthaka ikuoneka bwino, thambo linali litapsa kale, loyera lopanda kanthu. Wojambula wina wa ku France, Gustave Le Gray, anapeza njira yake m'zaka za 1856 ndi 1857. Ankajambula nyanja payokha, thambo palokha, kenako n'kuzilumikiza papepala limodzi. Anthu a ku London ndi Paris anagoma nazo zithunzi zake. Koma akatswiri atazifufuza pambuyo pake anapeza kuti thambo limodzi lomwelo analigwiritsa ntchito pa nyanja zosiyanasiyana. Mtambo umene unali pamwamba pa doko lina anauika pamwamba pa doko linanso.

Ine Le Gray sindimuweruza kwambiri, chifukwa zipangizo zake zinkamulepheretsa kuonetsa zimene maso ake ankaona. Koma ife lero tilibe chowiringula chotero, ndipo tikuchita zoposa iye. Mafoni ena amatha kuchotsa thambo lotuwa n'kuikapo lofiira mwa kungodina kamodzi. Ena a ife timakoleza mitundu mpaka dzuwa la ku Mangochi limaoneka ngati moto wolusa. N'chifukwa chiyani timatero? Ndikuganiza kuti timaopa kuti chimene tinaona sichikwanira, kuti anzathu sachita nacho chidwi pokhapokha titachikometsera. Khalidwe lomweli ndi limene timachita tikamasimba za moyo wathu: timawonjezera mchere. Kuwongola kuwala pang'ono kuti chithunzi chifanane ndi zimene munaona, palibe vuto. Koma kubwereka thambo la tsiku lina n'kunena kuti ndi la lero, limenelo ndi bodza, ndipo amene mwayamba kumunamiza ndi inu mwini, chifukwa mwataya tsiku lanu lenilenilo.

(Nyimbo yaifupi.)

WOULUTSA:

Omvera, tsopano ndifike pa munthu amene nkhani yake ndimaikonda kwambiri pa zonsezi, Alfred Stieglitz wa ku America. Pofika 1922 anali atajambula kwa zaka pafupifupi 40 ndipo anali wotchuka chifukwa cha zithunzi za mzinda wa New York ndi za nkhope za anthu. Wolemba wina, Waldo Frank, ananena kuti chinsinsi cha zithunzi zakezo chinali mphamvu imene Stieglitz anali nayo yogwira maganizo a anthu amene ankawajambula. Mawu amenewa anamupweteka, chifukwa ankatanthauza kuti luso silinali m'maso mwake. Nthawi yomweyo mayi ake anali kudwala mwakayakaya, ndipo anamwalira chaka chomwecho. Ali pamalo a banja lawo ku Lake George, anakweza kamera yake kumwamba. Maganizo ake anali akuti mtambo sungagwidwe maganizo, sungauzidwe kuti mwetulira, ndiponso ulibe mwini. Wolemera ndi wosauka amauona mofanana, popanda msonkho. Ngati angatulutse chithunzi chamoyo kuchokera ku chinthu chimene aliyense ali nacho, ndiye kuti luso ndi lake ndithu.

Anapitiriza kwa zaka zoposa khumi, n'kujambula zithunzi zoposa 200. Zambiri ndi zazing'ono, zokwana pachikhatho, zakuda ndi zoyera basi. Zambiri zilibe nthaka, zilibe phiri, moti munthu sadziwa kuti kumwamba n'kuti, kunsi n'kuti. Apa anaphwanya dala langizo limene ndakupatsani lija. Thambo analidetsa mpaka masana kumaoneka ngati usiku. Zithunzizi anazitcha Equivalents, kutanthauza kuti chilichonse chinali chofanana ndi chimene chinali mumtima mwake panthawi imene ankachijambula. Sankanena kuti taonani mtambo wa tsiku lakuti. Ankanena kuti taonani mmene ndinalili.

Pali anthu amene akaziona amati n'zakuda chabe, zopanda nkhani. Ine ndimaona kuti bamboyu anagwira chinthu choona. Kumwamba kumakhala mitambo yambirimbiri nthawi imodzi, ndipo uliwonse ukusintha. Munthu akakweza kamera amasankha mbali imodzi n'kusiya zina zonse, amasankha mphindi imodzi n'kusiya zina zonse. Palibe amene wamuuza. Kusankha kumeneko n'kumene kumamuulula. Tayesani kunyumba kwanu. Madzulo amodzi perekani foni kwa anthu atatu pabwalo lomwelo, aliyense ajambule thambo mmene akufunira. Agogo mwina aloza kumene mvula ya kwanuko imachokera. Mtsikana aloza kumene kwafiira. Mwana wamng'ono aloza kamtambo kamene akuti ndi galu. Ndipo amene wangoika kumene wachibale m'manda, muona kumene iye aloze.

Za mwana ndi galu wakeyo tisaziseke, chifukwa tonse tili nazo. Ubongo wa munthu umafulumira kupeza nkhope ndi zamoyo paliponse. Khanda la masiku ochepa limatsata kale ndi maso chinthu chooneka ngati nkhope. Kwa makolo athu akale kuthengo, kuganizira chitsa kuti ndi nyalugwe kunali kulakwitsa kotchipa, koma kuganizira nyalugwe kuti ndi chitsa kunali imfa. Ndiye tinatsala ndi maso ofulumira kuona chimene palibe. Mu 1976 chombo cha Viking 1 chinajambula phiri lina pa pulaneti ya Mars, ndipo mithunzi yake inaoneka ngati nkhope ya munthu. Anthu analemba mabuku kuti kumeneko kunali anthu omanga. Zithunzi zomveka bwino zimene zinajambulidwa mu 2001 zinaonetsa phiri wamba.

Ndikunena izi chifukwa cha zithunzi zija zimazungulira pa WhatsApp, za mtambo wooneka ngati dzanja, ngati mngelo, ngati chilombo, pansi pake atalemba kuti tumizani kwa anthu khumi. Zina mwa izo n'zopangidwa pakompyuta. Zina n'zenizeni, koma mtambowo unakhala choncho kwa mphindi imodzi, kwa munthu amene anaima pamalo amodzi. Amene anali kumudzi woyandikana nawo anaona chinthu china. Sindikunyoza chikhulupiriro cha munthu, ndipo amene thambo limamukumbutsa Mlengi wake ali ndi chifukwa chomveka. Koma ndi bwino kudzifunsa kuti, pa zonse zimene mtambowu ukanafanana nazo, bwanji ine ndaonamo chimenechi? Wamantha amaonamo zoopsa. Wosowa chitonthozo amaonamo womutonthoza. Yankho la funso limeneli limakuphunzitsani zambiri za inu kuposa za mawa.

Maso amanyengeka m'njira inanso. Amene munakhalako m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, ku Nkhotakota, Nkhata Bay kapena Likoma, mukudziwa mizati yakuda ija imadzuka pamwamba pa madzi kutali. Mlendo amati ndi utsi wa sitima, kapena mtambo wa mvula. Mwana wa kunyanja amadziwa kuti ndi nkhungu, tizilombo touluka mamiliyoni osawerengeka timene tatuluka m'madzi, ndipo mphepo ikatikankhira kumtunda amayi amatikola ndi malichero n'kupanga ndiwo. Chithunzi n'chimodzi, koma amene akudziwa malowo amawerengamo zina.

Ngakhale mtambo weniweni sufika kwa anthu mofanana. Mdima umene ukusonkhana kumadzulo mu Disembala, mlimi amene wathira feteleza dzulo akuuthokoza. Woumba njerwa amene sanawotche uvuni wake akuutemberera. Mayi amene wayanika usipa pathandala akuthamanga. Wakabaza akuwerengera makasitomala amene ataye. Walira mvula walira matope, anatero akale. Abale athu amene ali ku Britain amatiuza kuti kumeneko anthu amadandaula ndi mitambo, tsiku labwino kwa iwo ndi la thambo loyera lopanda kamtambo. Ife thambo lotero mu Febuluwale limatidetsa nkhawa. Tikukumbukira 2024, pamene ng'amba inapsereza chimanga chili pafupi kumasula, mpaka boma linalengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Masiku amenewo kumwamba kunali kokongola kwambiri kwa munthu wongodutsa. Kwa mwini munda kunali kowawa kukuyang'ana.

Ndipo pali chithunzi china chimene sindingachilumphe. Mu Malichi 2023, makina a mumlengalenga anajambula namondwe wa Freddy ali pamwamba pa Mozambique ndi kummwera kwa dziko lathu. Namondweyu anayambira kufupi ndi Australia, anawoloka nyanja yonse ya Indian, ndipo anakhala moyo masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mbiri. Mukachiona chithunzicho osadziwa, munena kuti n'chokongola: mitambo yoyera yopotana mwadongosolo. Pansi pa kuyera kumeneko matope ndi miyala zinali kutsika m'phiri la Soche kulowa m'nyumba za ku Chilobwe, midzi ya ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu inali kukokoloka, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Ena mwa inu amene mukumvera munataya abale masiku amenewo, ndipo mpaka lero kukada kumwamba mtima umagunda. Pepani, abale anga. Sindingakuuzeni kuti mtambo ndi wokongola basi. Chimene chithunzi chija chimandiphunzitsa n'chakuti kutalika kumabisa misozi. Munthu amene ali patali ndi tsoka amatha kuliona ngati chinthu chochititsa chidwi. Wojambula aliyense, kaya wa mitambo kaya wa anthu, azikumbukira kuti pansi pa chimene akujambulacho pali anthu.

(Nyimbo yofatsa, yaifupi.)

WOULUTSA:

Mwina wina akufunsa kuti, zithunzi za ine munthu wamba zingathandize chiyani? Tamverani izi. Mu 2005 munthu wina wa ku England, Gavin Pretor-Pinney, anayambitsa bungwe la okonda mitambo, Cloud Appreciation Society. Anthu a m'mayiko ambiri anayamba kutumiza zithunzi zawo. Pakati pa zithunzizo pankabwera mtundu wina umene sunkagwirizana ndi dzina lililonse lodziwika: mtambo umene kunsi kwake kumachita mafunde okhotakhota, ngati munthu akuyang'ana nyanja yowinduka ali pansi pa madzi. Bungwelo linasonkhanitsa zithunzizo n'kukapempha akatswiri kuti aupatse dzina. Zinatenga zaka, koma mu Malichi 2017 bungwe loona zanyengo padziko lonse, World Meteorological Organization, linaulowetsa m'buku lija la mitambo ndi dzina lakuti asperitas. Mtambowo unalipo kuyambira kalekale. Chimene chinasintha n'chakuti anthu wamba ambiri anakhala ndi makamera m'matumba, ndipo anakweza maso.

Kwathu kuno ntchito yotere ikutidikira, ndipo ine ndimaiona kuti ndi yofulumira. M'mudzi uliwonse muli nkhalamba imene imadziwa thambo la pamalopo. Imadziwa kuti mtambo ukakhala pamutu pa phiri lakuti m'mawa, madzulo kugwa mvula. Kuti ukachokera mbali yakuti umangoopseza. Kuti iyi ndi chizimalupsa chabe, musadzale. Asodzi amadziwa thambo limene limatsogolera mwera, ndipo moyo wawo umadalira kuliwerenga bwino. Nzeru zimenezi sizinalembedwe, ndipo eni ake akutha. Nyengo nayo ikusintha, moti zizindikiro zina zimene zinkagwira ntchito kale mwina zayamba kuphonya. Tingadziwe bwanji ngati palibe amene akusunga?

Wojambula ndi utoto wa ku England, John Constable, m'zaka za 1821 ndi 1822 ankakhala pamtunda wa Hampstead kujambula mitambo, ndipo kuseri kwa pepala ankalemba tsiku, ola ndi kumene mphepo ikuchokera. Chifukwa cha timawu timeneto, azanyengo a masiku ano amatha kuyerekeza zojambula zake ndi kaundula wa nyengo wa masiku omwewo. Inunso chitani chimodzimodzi. Sankhani malo amodzi, pakhomo panu kapena pabwalo la sukulu, muziloza mbali imodzi pa ola limodzimodzi. Foni isunga yokha tsiku ndi nthawi. Inu lembani m'kope kumene mphepo ikuchokera ndi chimene chinachitika pambuyo pake. Kenako pitani nacho chithunzicho kwa agogo, muwaonetse, muwafunse kuti, "Agogo, mtambo uwu mumautcha chiyani, nanga umatanthauza chiyani?" Lembani mawu awo mmene awanenera. Aphunzitsi a jogalafe, ntchito iyi ana angaigwire ndi foni imodzi kalasi yonse, ndipo pakutha pa dzinja limodzi mukhala ndi buku la thambo la kwanuko limene silipezeka m'sitolo iliyonse. Muziyerekezanso ndi ulosi umene a Nthambi Yoona za Kusintha kwa Nyengo ndi Zanyengo amaulutsa pawailesi, muone pamene agogo ndi akatswiri akugwirizana ndi pamene akusiyana.

Chenjezo limodzi ndisanachoke, makamaka kwa achinyamata. Mtambo wa bingu ujambuleni uli kutali. Mphezi imapha anthu chaka ndi chaka m'dziko muno, ndipo imatha kugwa pamalo pamene mvula sinafike n'komwe. Mukaona ching'aning'ani, werengani masekondi mpaka mumve kugunda. Masekondi atatu aliwonse ndi pafupifupi kilomita imodzi. Mukawerenga osafika 30, lowani m'nyumba kapena m'galimoto yotseka. Musaime pamwamba pa chulu kapena pamwala, musabisale pansi pa mtengo, ndipo ngati muli m'bwato kapena pabwalo la mpira, chokanipo. Mudikire theka la ola kuchokera pa kugunda komaliza musanatulukenso.

Nthawi yathu yathera pamenepa.

(Nyimbo yotsekera.)